Kufunsira m'Chipwitikizi, Kupepesa m'Chichewa

Mnyamata wa ku Majaua akafuna kuuza mtsikana zakumtima kwake, amayamba wasankha chinenero. Pali Chichewa, chimene anthu amatsatsana nacho chimanga ndi nandolo pamsika ndi kuimba nacho kutchalitchi. Pali zinenero za makolo, monga Chilomwe ndi Chimarenje, m'mabanja amene akuzisungabe. Pali Chipwitikizi cha kusukulu ndi ku maofesi a boma, ndiponso timawu ta Chingerezi totola kutsidya la mtsinje wa Ruo, ku Malawi. Achinyamata ambiri amene anapondako m'kalasi amathamangira Chipwitikizi, makamaka polemba uthenga pafoni. Koma awiri omwewo akalowa m'banja, tsiku limene akangana zenizeni kapena mwana watentha thupi pakati pa usiku, Chipwitikizi chija chimazimirira, pakamwa n'kubwera chinenero chimene aliyense anakula nacho.

Anthu okondana mosiyana zinenero amakumana ndi mafunso omwewa kulikonse. Kodi mawu achikondi onenedwa m'chinenero chophunzira ndi opepuka, kapena ndi achinyengo kumene? Ngati ndi opepuka, bwanji anthu amawakonda chonchi? Nanga banja la anthu awiri amene sanayamwe chinenero chimodzi lingaime bwanji? Akatswiri a zinenero ndi a maganizo a munthu akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 40. Zimene apeza zimatithandiza kumvetsa moyo wa pamalire, ndipo moyo wa pamalirewo uli ndi zake zimene ungawaphunzitse iwo.

Mmene zinenero zinasanjikizirana pa Ruo

Majaua ndi dera la m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, ndipo linatsamira mtsinje wa Ruo, umene umatsika paphiri la Mulanje n'kukathira mu Shire pa Chiromo. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 ndilo linasandutsa mtsinjewu kukhala malire, koma ubale silinaudule. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Alomwe ambirimbiri anaoloka pothawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, n'kukakhazikika m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, kumene anagwira thangata ndi kukwatirana ndi Amang'anja. Ana awo anakula ndi Chinyanja, moti lero Alomwe ambiri a ku Malawi sathanso kucheza m'Chilomwe, ndipo kufuna kuchitsitsimutsa ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anakhazikitsira Mulhako wa Alhomwe, umene likulu lake lili pa Chonde ku Mulanje.

Kenako kunabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Itafika mwamphamvu ku Milange mu 1986, anthu anakhamukira ku Malawi, kumene othawa nkhondo ochokera ku Mozambique anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, ena atakwatira kapena kukwatiwa kutsidya, ana awo akulankhula Chichewa chokhwima. Tikawonjezapo wailesi ya MBC, Buku Lopatulika ndi mabuku a nyimbo ochokera ku Malawi, msika wa Limbuli, ndi kwacha imene imayenda m'thumba limodzi ndi metikali, timvetsa chifukwa chake Chichewa ndicho chimakumanitsa anthu m'mbali mwa Ruo, ngakhale amene agogo awo sanachilankhulepo.

Chipwitikizi chinadzera njira ina. Mpaka 1961, munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati nzika yeniyeni, amene ankamutcha *assimilado*, ankayenera kusonyeza kuti amalankhula bwino Chipwitikizi ndipo wasiya miyambo ya makolo. Ufulu utabwera mu 1975, boma linachisunga ngati chinenero chogwirizanitsa dziko, ndipo kusukulu zinenero za makolo zinkangotchedwa *dialecto*, mwana wozilankhula n'kumadzudzulidwa. Pa kalembera wa 1980, anthu oyamwa Chipwitikizi anali pafupifupi 1 pa 100 alionse. Pofika 2017 anali pafupifupi 17 pa 100, koma ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Kumudzi, Chipwitikizi chikadali chinenero cha choko, cha chiphaso ndi cha malipiro a pamwezi, ndipo amuna amachidziwa kuposa akazi chifukwa atsikana ndi amene amasiya sukulu msanga. Choncho mawu achikondi a m'Chipwitikizi safika okha. Amafika atasenza ulemerero wa sukulu, wa tauni ndi wa ndalama.

Chifukwa chake chinenero chophunzira chimalimbitsa mtima

Kwathu kuno mwana amakula osamvapo bambo ake akuuza mayi ake kuti amawakonda. Chikondicho chimakhalapo ndithu, koma kuchitchula pakamwa kumaoneka ngati chibwana kapena kupanda mwambo. Mnyamata amene wakula chotero akati anene kuti "ndimakukonda" akuyang'ana mtsikana kumaso, lilime limalemera, chifukwa mawuwo akuwanena m'chinenero chomwecho chimene amalankhula ndi amayi ake ndi atsibweni ake, ndipo zimakhala ngati onsewo ali pomwepo akumvetsera. Akanena kuti *te amo*, akuluakulu aja sakhalapo. Ndipo mtsikana akakana, manyazi ake amachepa, poti mnyamata akhoza kuseka n'kunena kuti amangocheza.

Si ife tokha. Mu 1986 akatswiri awiri, Michael Bond ndi Tat-ming Lai, anapempha ophunzira a ku Hong Kong kuti azifunsana mafunso m'chinenero cha kwawo kapena m'Chingerezi. Nkhani ikakhala yochititsa manyazi, ophunzirawo ankalankhula nthawi yaitali m'Chingerezi kusiyana ndi m'chinenero chawo. Chinenero chophunzira chimaika kampata pakati pa munthu ndi mawu ake, ndipo kampatako ndi kamene kamamupatsa mpweya woti anene zimene akanazimeza.

Foni yakulitsa zimenezi. Kuyambira pamene kampani ya Movitel inayamba ntchito mu 2012, netiweki inafika m'midzi yambiri ya ku Zambezia, ndipo pamalire si zachilendo kupeza munthu ali ndi ma SIM awiri, ina ya kuno, ina ya Airtel kapena TNM. Taonani mmene uthenga umodzi umayendera. Mnyamata wasiya foni pakashopu kotchajitsira, waitenga madzulo, wagula mayunitsi ochepa. Akulemba, akufufuta, kenako akupatsira mnzake amene anafika kalasi 10 kuti amukonzere kalembedwe. Mnzakeyo akuwonjezera mawu amene anawatola m'nyimbo ya kizomba kapena m'sewero la ku Brazil la pa TV. Uthengawo ukafika, mtsikana amene analekeza sukulu kalasi 5 akumva *amor* ndi *saudades*, koma zotsalazo akukafunsa mnzake pamjigo. Mawu amene amayenera kukhala a anthu awiri adutsa m'manja mwa anthu anayi. Agogo athu anadutsamo m'zoterezi. Makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury ankalembedwa ndi mnzawo wodziwa cholembera ku komboni, kumudzi n'kuwerengedwa mokweza ndi mwana wa sukulu, ndipo mwamuna sakanatsanulira m'kalatamo zonse za kumtima podziwa kuti zikamveka pakhonde.

Pa nthawi ya chibwenzi, Chipwitikizi chili ngati bwato la pa Ruo. Limakuolotsa pamene sukanatha kudutsa ndi miyendo, ndipo palibe chifukwa cholinyozera. Koma woolokayo ayenera kutsika n'kuponda pansi.

Zimene akatswiri anapeza

Mu 2003 Catherine Harris, Ayşe Ayçiçeği ndi Jean Berko Gleason anayesa anthu 32 a ku Turkey amene anakhazikika ku America atakula kale. Anawaika tizipangizo kuzala toyeza kathukuta kamene khungu limatulutsa mtima ukagunda, n'kumawamvetsa mawu osiyanasiyana m'zinenero zonse ziwiri. Mawu otukwana, ndiponso makamaka mawu odzudzulira ana, ankagwedeza thupi kwambiri akanenedwa m'chinenero cha kwawo kusiyana ndi m'Chingerezi, ngakhale Chingerezicho ankachimva bwinobwino. Chaka chotsatira Harris anayesanso anthu olankhula Chisipanishi ndi Chingerezi, ndipo kwa amene anakula ndi zinenero zonse ziwiri kuyambira ali ana, kusiyana kuja sikunaoneke. Tanthauzo lake n'lakuti thupi limakumbukira chinenero chimene munthu anakaliridwa nacho, anatonthozedwa nacho ndi kusekedwa nacho, kaya ndi chimodzi kaya ndi ziwiri.

Jean-Marc Dewaele wa ku London anafunsa anthu 1,459 olankhula zinenero zingapo kuti mawu ouza munthu kuti umamukonda amalemera kwambiri m'chinenero chiti. Zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Pafupifupi theka anati m'chinenero choyamwa. Ochepera pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu anati amalemera mofanana m'chinenero choyamwa ndi m'chophunzira. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse anati amalemera kwambiri m'chinenero chophunzira. Amene anayankha choterowa kawirikawiri anali anthu amene chinenerocho amachilankhula tsiku ndi tsiku, ali ndi anzawo ambiri ochilankhula, ndipo sanachiphunzire m'kalasi mokha. Choncho amene amati mtima uli ndi chinenero chimodzi chokha, chobadwa nacho, akulondola theka. Kulemera kwa mawu kumachokera ku zimene munthu wadutsamo akulankhula mawuwo.

Kafukufukuyu tiyenera kumuwerenga ndi maso a kwathu. Ambiri amene anayankha mafunso a Dewaele anali anthu ophunzira kwambiri, oyankha pa intaneti. Mwana wa m'mbali mwa Ruo sakula ndi chinenero chimodzi chodikira china. Agogo amamunyengerera m'Chilomwe, anzake amamuseka m'Chichewa, ndipo zonsezo zimalowa m'thupi nthawi imodzi. Kwa iye mzere waukulu uli pakati pa zinenero zimene wakhalamo ndi chinenero chimene anachipeza pabolodi. Mlomwe wokwatira Mmang'anja n'kumalankhulana naye Chichewa sakhala pamavuto amene amakhalapo mtsikana wa kumudzi wokwatiwa ndi mphunzitsi wochokera ku Quelimane, amene chinenero chawo chokumanirana ndi Chipwitikizi chokha.

Chikondi chimene sichinenedwa

Kafukufuku wambiri amayamba ndi maganizo akuti chikondi n'chinthu chimene munthu amanena. Kwathu chikondi chimaonekera kwambiri m'manja. Mnyamata wofunsira mbeta amapereka chikole. Mkamwini amalima munda wa apongozi ndi kumanga nyumba pamudzi wa mkazi wake. Mwamuna amadulira mkazi chitenje akagulitsa nandolo, amamukweza panjinga kupita naye kusikelo ngakhale msewu uli matope okhaokha. Mkazi amatenthetsa madzi osamba, amasunga ndiwo zimene akudziwa kuti mwamuna wake amazikonda. Michelle Poulin, amene anafufuza za zibwenzi za achinyamata ku Balaka n'kulemba mu 2007, anapeza kuti ndalama ndi timphatso timene mnyamata amapatsa chibwenzi chake atsikana amatiwerenga ngati chizindikiro cha chikondi ndi kudzipereka, osati malonda monga ankaganizira alendo ambiri.

Ngakhale maitanidwe amanyamula chikondi. Awiri amene ankatchulana mayina ndi kunenana "iwe" pachibwenzi, akakwatirana amasanduka "inu", ndipo mwana akabadwa amakhala "bambo a uje" ndi "mayi a uje". Mkazi akamanena za mwamuna wake kwa anthu amati "akunyumba" kapena "abambo akwathu". Munthu wa kunja amamva ngati awiriwa atalikirana, pamene eni ake akudziwa kuti ayandikirana: aliyense wakweza mnzake pamaso pa mudzi.

Apa ndi pamene okwatirana mosiyana zinenero amayamba kuphonyana, ngakhale mawu onse akumvana. Mwamuna amene anakulira m'tauni, wozolowera kumva *querida* ndi *meu bem*, amadikira mawu, ndipo akaona mkazi wake akungogwada ndi kumupatsa ulemu amadandaula kuti ndi wozizira mtima. Mkaziyo naye amamva mawu okoma tsiku lililonse koma denga likudontha, ndipo amayamba kukayika ngati mawu ochuluka chotere ali ndi mwini. Aliyense akupereka chikondi mmene anaphunzirira, ndipo aliyense akuona ngati sakulandira. Kudziwa mawu a chinenero cha mnzako sikukwanira ngati sudziwa kuti kwawo chikondi amachiika pati, ndipo ndi ziti zimene sazinena n'komwe.

Tsiku la mkangano

Chinenero cha banja chimayesedwa pa tsiku la mkwiyo. Munthu akapsa mtima mawu amathamanga, ndipo amene akulankhula chinenero chophunzira amatsalira. Akamafufuza liwu loyenera, mnzake wanena kale ziganizo zitatu. Amatha n'kukhala chete kapena kulira, ndipo wopambanayo amaganiza kuti wapambana chifukwa anali wolondola, chonsecho wapambana chifukwa mkanganowo unachitikira m'bwalo lake. M'madera ngati Majaua, aphunzitsi, anamwino ndi apolisi a pamalire ambiri amatumizidwa kuchokera ku Quelimane, Mocuba, Gurue kapena Nampula, ndipo ena amapeza banja komweko. Mwamuna woteroyo amakhala ndi malipiro, ndi sukulu, ndi chinenero. Zitatuzi zikakhala mbali imodzi, mkazi amasowa pogwira.

Nkhani ikakula imapita kwa ankhoswe, ndipo kumeneko zinthu zimatembenuka. Anthu akhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Mkazi akufotokoza dandaulo lake m'Chichewa, momasuka tsopano, akuyambira kutali monga mwa mwambo, akutchula za mwezi wa Febuluwale pamene ufa unatha, za mawu amene ananenedwa pamaso pa ana. Mwamuna akumva liwu limodzi mwa asanu. Mphwake wa mkaziyo, mnyamata wa kusekondale, ndiye waikidwa kuti amasulire, ndipo chifukwa choopa mwamunayo ndi kuchita manyazi ndi azakhali ake, dandaulo lonse lija akulifinya m'chiganizo chimodzi chofewa. Mwamuna akuyankha kuti *desculpa*, ali chiimire, manja m'thumba. Iye akuona kuti wapepesa. Akuluakulu akuyang'anana, chifukwa kwa iwo kupepesa n'kukhala pansi, kuvula chipewa, kuomba m'manja, kutchula cholakwacho ndi dzina lake, mwinanso kubwera ndi nkhuku. Palibe amene wanama pabwalopo, koma onse abalalika osakhutira.

Akuluakulu anati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Womasulira safuna kupasula, koma banja limene silingathe kukangana ndi kuyanjana popanda iye lilibe chinsinsi. Nkhoswe ali ndi malo ake olemekezeka, ndipo lamulo la mabanja la ku Mozambique la 2004 linavomereza ukwati wa chikhalidwe ndi wa kutchalitchi pambali pa wa kuboma. Mabwalo a m'midzi, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, amamva milandu m'chinenero cha anthu. Koma nkhani ikakwera kufika kukhoti la kuboma imakambidwa m'Chipwitikizi, ndipo mkazi uja amabwerera pomwe anali, wodalira pakamwa pa munthu wina.

Thupi, matenda ndi kukana

Pali nkhani zina zimene chinenero chophunzira chimapulumutsa nazo moyo. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti akuluakulu 12.5 pa 100 alionse ku Mozambique ali ndi HIV, ndipo Zambezia ili pamwamba pa chiwerengero chimenechi. Okondana ayenera kukambirana zokayezetsa magazi, za kulera ndi za kondomu, koma m'Chichewa mawu a m'thupi amatuluka movutikira, chifukwa ndi mawu a kusimba ndi a kuchipinda, osati a pakhonde. Ambiri amapeza njira kudzera m'Chipwitikizi cha kuchipatala, kapena amangotchula dzina la papaketi, Jeito kuno, Chishango kutsidya. Kampata kaja kamene kanathandiza mnyamata kufunsira kamathandizanso mkazi kuuza mwamuna wake kuti apitire limodzi kukayezetsa.

Koma kampata komweko kali ndi ngozi yake. Boaz Keysar ndi anzake a ku Chicago anasonyeza mu 2012 kuti munthu akamaganiza m'chinenero chophunzira, mantha oti ataya kanthu samugwira kwambiri posankha zochita. Iwo ankayesa za ndalama ndi kubetcha, osati za chikondi, koma ine ndimaona kuti phunzirolo limafika mpaka kuno: lonjezo limene silikugwedeza thupi la wolonjeza ndi losavuta kulipereka. Mwamuna amene sangayerekeze kunena m'Chichewa kuti "ndidzatuma ankhoswe kwanu" pokhapokha atatsimikiza, akhoza kulemba malonjezo khumi m'Chipwitikizi usiku umodzi osamva kulemera kulikonse. Wolandirayo ndiye amawamva olemera, chifukwa akuchokera m'chinenero cha anthu ophunzira.

Choopsa kwambiri n'chakuti munthu amaphunzira kuvomera m'chinenero chatsopano asanaphunzire kukana. Kukana mwaulemu koma mwamphamvu kumafuna luso lalikulu la chinenero, ndipo mtsikana amene Chipwitikizi chake n'cha kalasi 6 alibe luso limenelo pamaso pa mwamuna wamkulu wolankhula bwino. Kukhala chete kwake mwamunayo amakuwerenga ngati kulola. Mozambique inakhazikitsa mu 2019 lamulo loletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo Malawi inasintha malamulo ake aakulu mu 2017 pa nkhani yomweyo. Malamulowa ndi ofunika, koma adzagwira bwino ntchito pamene mtsikana adzawamve m'chinenero chimene amatha kukaniramo, ndi pamene anamkungwi ndi alangizi a kutchalitchi adzamuphunzitse kuti kukana si mwano.

Chinenero chimakula limodzi ndi banja

Zonsezi zisatichititse kuganiza kuti chikondi cha zinenero ziwiri n'cholephera. Mu 2017 Dewaele ndi Lora Salomidou anafalitsa zimene anapeza kwa anthu 429 amene anakhalapo pachikondi m'chinenero chophunzira. Pafupifupi theka anati poyamba zinali zovuta: mawu ankasowa, ndipo amene analipowo ankamveka opanda kanthu m'kati. Ena ankadzimva ngati akuchita sewero. Koma kwa ambiri vutoli linatha m'miyezi yowerengeka, ndipo chinenero chija chinayamba kulemera. Mawu amene wanenera pa bedi la kuchipatala, pa maliro a apongozi, pa tsiku limene mwana wabadwa, sakhalanso a pabolodi.

Ingrid Piller, amene analemba mu 2002 za mabanja a olankhula Chijeremani ndi Chingerezi, anaona kuti okwatirana amakonda kukakamira chinenero chimene anakumanirana, ngakhale winayo ataphunzira bwino cha mnzake, ndiponso kuti banja lililonse limapanga kalankhulidwe kakekake, kosakaniza, kamene ena sangakamve. Mbali yachiwiriyi ndi yokoma, ndipo aliyense amene wamvapo banja la pamalire likuseka m'Chichewa chothira Chipwitikizi ndi Chilomwe amaidziwa. Mbali yoyambayo ndi chenjezo. Ngati awiri anakumana m'Chipwitikizi, n'kosavuta kuti zaka 20 zithe mmodzi yekha ndiye akusenza katundu wolankhula chinenero cha mnzake, winayo osasuntha ngakhale phazi.

Mwambo wathu unali ndi yankho lake. Pa chikamwini, chimene Alomwe, Amang'anja ndi Achewa amatsata, mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, ndipo pokhala pakati pa alamu ndi apongozi amaphunzira chinenero cha pamudzipo, ndi miyambi yake, ndi nthabwala zake. Pa chitengwa, kapena kwa Asena kumene amalowola, katunduyo amagwera mkazi. Mulimonsemo, mudzi unkadziwa kuti wobwera ayenera kuphunzira ndipo eni mudzi ayenera kumuphunzitsa moleza mtima. Chimene chasintha n'chakuti tsopano pali chinenero cha boma chimene chimapatsa wobwerayo chifukwa chokanira kuphunzira. Amati Chichewa ndi *dialecto*, chilibe ntchito, ndipo ana ake amawaletsa kuchilankhula m'nyumba kuti akakhoze kusukulu. Anawo amakula akulephera kucheza ndi agogo awo akuchikazi, ndipo mayi wawo amasanduka mlendo pakhomo pake pomwe.

Mantha a kusukuluwo alibe maziko olimba. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma la Mozambique linayesa pulogalamu ya PEBIMO, yophunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza asanalowe m'Chipwitikizi, ndipo zotsatira zake zinalimbikitsa boma kuyambitsa maphunziro a zinenero ziwiri m'sukulu zina kuyambira 2003. Malamulo aakulu a dzikolo a 2004 amati boma limalemekeza zinenero za makolo ngati chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro. Mwana wodziwa bwino chinenero cha amayi ake satsalira m'Chipwitikizi chifukwa cha chimenecho, ndipo amakula ali ndi pothawira mtima ukamupweteka.

Funso loyenera kufunsa

Tikamafunsa kuti chinenero cha mtima n'chiti, timasochera, chifukwa mtima umaphunzira. Funso limene limasiyanitsa banja lolimba ndi losalimba ndi ili: kodi awiriwa ali ndi chinenero chimene onse angathe kukwiyiramo, kukaniramo, kupepeseramo ndi kuliriramo mofanana? Ngati alibe, ndani akuchitapo kanthu kuti chipezeke?

Mnyamata wolemba *te amo* pafoni sakulakwa, ndipo sakunama chifukwa choti walemba m'Chipwitikizi. Koma mawuwo ali ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa pamene abwera kudzawanena pamaso pa atsibweni a mtsikanayo m'chinenero chimene iwo angamugwire nacho mawa. Amene wakwatira kapena kukwatiwa ndi munthu wa chinenero china ayambe ndi zochepa: moni wa apongozi, mawu opepesera pamaliro, kapepesedwe ka kwawo kwa mnzakeyo, nyimbo zotonthozera mwana. Adzalakwitsa, anthu adzamuseka, ndipo kulola kusekedwa chifukwa cha mnzako ndi mphatso imene mkazi kapena mwamuna aliyense wa kwathu amaimva popanda womasulira. Nawo ankhoswe, alangizi ndi abusa, amene amafunsa kale za munda, za nyumba ndi za kuyezetsa magazi asanadalitse ukwati, awonjezere funso limodzi kwa awiriwo: tsiku limene mudzakangane, mudzakangana m'chinenero chiti, ndipo kodi nonse mudzatha kumaliza mawu anu?